Kodi Mkaka Uli ndi Mlandu?

Kwathu, kumapiri a kummwera kumene kumamera tiyi ndipo nkhungu imachedwa kuyera m'maŵa, kuli ng'ombe imene idatiphunzitsa sukulu. Kunena zoona si ng'ombe imodzi yomweyo ai. Koma m'khola la kuseri kwa nyumba ya amai simudasoŵepo ng'ombe yamkaka chiyambire ubwana wathu, pakuti ina ikakalamba mwana wake amaloŵa m'malo. Dzuŵa lisanatuluke amai amakhala atakama kale, mkaka uli m'chigubu, chigubu chili pa njinga, ulendo wa kumene alimi amasonkhanitsira mkaka wao. Ndalama za mkaka umenewo ndizo zidatigulira makope, nsapato zathu zoyamba, ndiponso sutikesi imene tidanyamula popita ku seminale. Tsono mukamva tikukamba za mkaka, abale athu, dziŵani kuti tikukamba za wachibale.

Chaka chatha, titapita kumudzi kukapuma, tidapeza amai ali khuma. Adaapita ku chipatala chifukwa cha chifuwa chabe, koma namwino, monga mwa ntchito yake, adaŵamanga lamba pamkono, naŵerenga manambala aŵiri: 172 ndi 104. Atabwereza tsiku lina manambala sadatsike, ndipo adaŵauza kuti ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambirife timangoti BP. Adaŵapatsa mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku. Inu mukudziŵa kuti kwathu kuno wodwala sasoŵa aphungu. Wina adati amwe adyo, wina adati masamba a mtengo wakutiwakuti, koma uphungu umene udaŵalasa mtima udachokera kwa mnzao wapamtima amene adati: "Inu, mayi wa ng'ombe, mukudabwa chiyani? Ndi mafuta a mkakawo atseka mitsempha."

Chidzozedwere chathu, amai amatitchula "Abambo" pakakhala anthu. Koma madzulo amenewo tidaali aŵiriŵiri pakhonde, ndipo adati: "Mwananga, iwe udaphunzira. Tandiuza zoona. Kodi mkaka wa ng'ombe yangayi ndiwo ukundipha?"

Tidakhala chete. Zaka zonse zija za ku seminale, mabuku onse aja a nzeru zakuya amene tidaŵerenga usiku, sizidatipatse ngakhale liu limodzi loŵayankha. Ndipo funsolo lidatiŵaŵa koposa chifukwa lidadzutsa bala lakale. Bambo athu otibereka adagwa m'munda ife tili ku sekondale. Pakamwa padapotoka, mbali imodzi ya thupi idafa, ndipo patapita masiku atatu adatisiya. Pa maliro anthu adanong'onezana kuti munthu sangagwe chotero popanda chifukwa, kuti wina adaŵamenya ndi hamala ya matsenga. Chala chidaloza mbale wao wina amene adaakangana naye za malire a munda. Mabanja aŵiri adaleka kupatsana moni kwa zaka zambiri. Koma pa moyo wao wonse bambo athuwo palibe amene adaŵamangapo lamba uja pamkono.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Titabwerera ku parishi tidapita kwa dokotala wina, mkhristu wathu, ndipo iye adatifotokozera, natibwereka zoŵerenga. Zimene tidapeza nzimene tifuna kugaŵana nanu lero, pakuti tikhulupirira kuti funso la amai athu lili m'nyumba zambiri.

Tiyambe ndi nthendayo. Dzina lake la m'Chicheŵa limasokeretsa pang'ono, chifukwa vuto si lakuti magazi akuthamanga ngati mtsinje wodzaza, koma kuti akukankha zipupa za mitsempha ndi mphamvu yopitirira muyeso, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Nambala yapamwamba imasonyeza mphamvuyo pamene mtima ukupopa, yapansi pamene mtima ukupuma. Munthu akamapezeka kaŵirikaŵiri ndi 140 pamwamba kapena 90 pansi, kapena kuposerapo, ndiye kuti nthendayo ali nayo. Mitsempha yokankhidwa chotero imalimba ndi kuchepa. Wina wa mu ubongo ukhoza kutsekeka kapena kuphulika, ndipo ndiko kufa kwa ziwalo kuja. Mtima umatopa, impso zimaonongeka, maso amachita khungu. Choopsa nchakuti zonsezi zimachitika munthu akudzimva kuti ali bwinobwino. Chakudza sichiimba ng'oma. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidalengeza mu 2023 kuti anthu aakulu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi nthendayi, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziŵa nkomwe. Kuno ku Malaŵi, kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adaali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziŵa.

Nanga mkaka ukuloŵapo bwanji? Maganizo a mnzao wa amai uja si opusa ai. Nzoona kuti mu mkaka muli mafuta, ndipo mafuta a mtundu umenewo, akachuluka m'zakudya, amakweza mafuta oipa m'magazi. Koma mu mkaka mulinso zina. M'kapu imodzi yaikulu muli mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu, mchere wa m'thupi umene umamanga mafupa ndiponso umathandiza minofu ya mitsempha kugwira bwino ntchito. Mulinso potaziyamu, amene amathandiza impso kutaya mchere wotsala kudzera m'mkodzo. Mu 1984 dokotala wina wa ku America, David McCarron, ataunika zakudya za anthu zikwi zambiri a m'dziko lake, adalemba kuti anthu a BP yokwera ankapezeka kuti amadya kashiamu wochepa kuposa anzao, ndipo kwa iwowo gwero lalikulu la kashiamu ndi mkaka. Akatswiri anzake adatsutsana naye kwambiri, koma mkanganowo udabala chipatso, chifukwa udachititsa kuti nkhaniyi iyesedwe mwadongosolo.

Mayeso ameneŵa, amene amadziŵika ndi dzina loti DASH, adachitikira m'mizinda inai ya ku America, ndiyo Baltimore, Boston, Durham ndi Baton Rouge, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1997 ndi Lawrence Appel wa ku Johns Hopkins pamodzi ndi anzake. Adatenga anthu 459, ndipo oposa theka adaali anthu akuda. Sadangoŵalangiza ai, koma adaŵaphikira chakudya chao chonse kwa milungu isanu ndi itatu, ataŵagaŵa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkadya monga amadyera anthu ambiri kumeneko. Lachiŵiri adaliwonjezera zipatso ndi masamba. Lachitatu linkadya zipatso ndi masamba zomwezo, komanso mkaka wochotsedwa mafuta kapena zopangidwa nao kaŵiri kapena katatu pa tsiku, ndipo nyama yonona ndi zotsekemera adazichepetsa. Mchere udaali wofanana m'magulu onse, ndipo adaonetsetsa kuti munthu asanenepe kapena kuonda, kuti pasakhale china chonamizira.

Zotsatira zake ndi izi. Poyerekeza ndi gulu loyamba, nambala yapamwamba ya gulu la zipatso ndi masamba idatsika ndi 2.8, koma ya gulu lachitatu, lija la mkaka, idatsika ndi 5.5. Mwa anthu 133 amene adaali kale ndi nthendayo, chakudya chachitatuchi chidatsitsa nambala yapamwamba ndi 11.4, yapansi ndi 5.5, ndiye kuti chidagwira ntchito yofanana ndi ya mbulu umodzi wa mankhwala. Ndipo kusinthaku kudayamba kuoneka patangopita milungu iŵiri.

Apa mtima wathu udadumpha, ndipo tidafuna kuthamangira kumudzi kukalengeza kuti mkaka ndi mankhwala. Koma dokotala uja adatigwira dzanja. Adatikumbutsa kuti m'mbale ya gulu lachitatu mudasintha zinthu zingapo nthaŵi imodzi, kotero kuti sitingapatse mkaka wokha ulemu wonse. Mutu umodzi susenza denga. Adatiuzanso kuti pamene akatswiri ayesa kungowonjezera mkaka wokha kapena mibulu ya kashiamu, osasintha china chilichonse, BP imatsika pang'ono chabe, mwinanso osatsika konse. Kafukufuku wina wamkulu, wotsogoleredwa ndi a ku McMaster University ku Canada, adatsata anthu a m'maiko 21, kuphatikizapo Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa. Ndipo mu 2020 adalengeza kuti anthu omwa mkaka kapena kudya zopangidwa nao kaŵiri pa tsiku sankayamba nthendayi kaŵirikaŵiri monga anzao osamwa konse, ngakhale mkakawo ukhale wosachotsa mafuta. Komabe kuyendera limodzi kwa zinthu ziŵiri sikutanthauza kuti china chabala chinzake, pakuti munthu wotha kugula mkaka tsiku ndi tsiku amakhalanso ndi mwai wa zina zabwino.

Tsono mlandu uja tiugamule motere: mkaka weniweni, womwedwa mwa muyeso, sukweza BP, ukakhala pamodzi ndi masamba, zipatso ndi nyemba, umathandiza kuitsitsa. Wopalamula si iwo. Koma si mpulumutsinso ai.

Tidabwerera kumudzi ndi yankho limeneli, tili okondwa ngati mwana wakhoza mayeso. Koma titaloŵa m'khitchini ya amai ndi maso atsopano, tidaona chimene tidakhala tikuchiona zaka zonse osachizindikira. Amai athu, mayi wa ng'ombe, mkaka sankamwa! Dontho lililonse linkapita m'chigubu, chifukwa dontho lililonse ndi ndalama: kale za sukulu yathu, lero za adzukulu. Iwo ankagula ku okala timapaketi ta ufa woyera wothira mu tiyi, nkumati ndi mkaka. Tidaŵerenga timalemba ting'onoting'ono ta pa paketipo: mafuta a zomera, madzi a shuga oumitsidwa, ndi zina zokometsera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu tiyi yemweyo munkaloŵa masipuni atatu a shuga. Choncho mkaka udaazengedwa mlandu m'nyumba imene sunkamwedwamo.

Ndipo pamene mkaka unkaimbidwa mlandu, wopalamula weniweni adaali phee pa shelefu, m'kabotolo, osatchulidwa ndi munthu. Tidaŵerenga njira zimene mchere umaloŵera m'ndiwo za tsiku limodzi: wothira pophika, kachibulu kokometsera ndiwo, kamene mbali yake yaikulu ndi mchere, soda wothira m'therere ndi m'masamba, amene ali ndi sodiyamu yemwe uja ali mu mchere, nsomba zouma zothiridwa mchere, kenaka wina wowaza pambale munthu asanalaŵe nkomwe. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuŵerengera pamodzi ndi wobisika m'buledi ndi m'zina zogula. Akatswiri a DASH aja adabwereza mayeso ao ndi anthu 412, nalengeza mu 2001 kuti kuchepetsa mchere kumatsitsanso BP, kaya munthu akudya chakudya chabwino chija kaya ai, ndipo kuti ziŵirizi zikaphatikizana phindu limaposa la chimodzi chokha.

Tisanaloze chala khitchini ya amai, tiyenera kuulula za tebulo lathu lomwe. Ku nyumba ya ansembe m'maŵa kumakhala buledi, majarini, nthaŵi zina soseji kapena tchizi. Pano mpofunika kusiyanitsa, pakuti si zonse zochokera ku mkaka zili ngati mkaka. Tchizi amapangidwa ndi mchere wambiri. Batala ndi mafuta okhaokha, kashiamu ndi potaziyamu zija zidatsalira m'mbuyo. Mkaka wokhuthala wa m'chitini uja pafupifupi theka lake ndi shuga. Ndipo majarini kwenikweni ndi mafuta a zomera. Ife amene kale tinkadula nsenjere za ng'ombe ndi kukwera mapiri wapansi, lero timayenda pa galimoto, ndipo ku nthambi iliyonse akhristu, mwa chikondi chao, amatiphera nkhuku. Tidapempha dokotala uja kuti atiyeze nafenso. Adapeza 138 ndi 88. Munthu wosafika zaka makumi anai, mwana wa munthu amene adagwa m'munda, ataima pakhomo penipeni pa nthendayo! Usiku umenewo tulo tidavuta. Woyamba kuyeza mphamvu ya magazi m'mitsempha adaali mbusa wa mpingo wa Anglican ku England, Stephen Hales, amene adayesa pa kavalo nasindikiza zimene adapeza mu 1733; koma ife, patapita zaka pafupifupi 300, tidaali tisanatambasulepo mkono wathu.

Tikudziŵa kuti wina mwa inu akuti: "Abambo, mukunena za mkaka, ife tiupeza kuti?" Funso limeneli nloona, pakuti dziko lathu lili m'gulu la maiko amene anthu ake amamwa mkaka wochepa kwambiri, ndipo mtengo wake si wa aliyense. Musataye mtima. Chimene thupi likufuna si dzina loti mkaka, koma zimene zili m'katimo, ndipo zambiri mwa izo zili m'munda ndi m'nyanja mwathu. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga yomwe, zili ndi kashiamu wochuluka. Ngati zidathiridwa mchere, ziviikeni m'madzi musanaphike. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya zili ndi kashiamu ndi potaziyamu. Nyemba, nandolo, mbatata, nthochi ndi mapeyala ndi nkhokwe za potaziyamu. Kumbukirani kuti ngakhale gulu lija la zipatso ndi masamba zokha lidapindula. Okhawo amene impso zao zidayamba kale kuvuta ayenera kufunsa dokotala asanachulukitse zakudya zoterezi, chifukwa impso zofooka zimalephera kutaya potaziyamu wotsala.

Winanso akuti: "Ine ndikamwa mkaka m'mimba mumalira." Si inu nokha. Anthu ambiri a mu Africa muno, akakula, matupi ao amaleka kugaya bwino shuga wachibadwa wa mu mkaka. Makolo athu adaidziŵa kale njira yake: chambiko. Mkaka ukasasa, gawo lina la shuga uja limatha, ndipo ambiri amene mkaka wamba umaŵavuta amamwa chambiko popanda vuto, koma osachisandutsa phala la shuga. Ndipo mkaka wongokama kumene uziyamba waŵiritsidwa, pakuti ng'ombe yodwala ikhoza kupatsira munthu chifuwa chachikulu ndi matenda ena kudzera mu mkaka wosaphitsa. Amai oyembekezera nawo asaphonye sikelo, chifukwa BP ya pa nthaŵi ya pakati imapha mai ndi mwana yemwe. Mwa ichi a WHO amalangiza kuti kumene anthu amadya kashiamu wochepa, amai oyembekezera azipatsidwa mibulu yake.

Koma chimene chatsala mumtima mwathu koposa manambala onseŵa nchina. Bwanji tidafulumira chotero kuloza mkaka? Tiyesa nchifukwa chomwe chija anthu adalozera mbale wa bambo athu. Tsoka likagwa, mtima wa munthu umafuna wopalamula mmodzi, wooneka ndi maso, woti timthamangitse ndipo nkhani ithere pomwepo. Nkwapafupi kunena kuti "siyani mkaka" kapena "ndi uje wachita" kusiyana ndi kuvomera kuti nthendayi imamangidwa pang'onopang'ono, ndi chibadwa cha ku mtundu, ndi msinkhu, ndi mchere wa tsiku ndi tsiku, ndi kunenepa, ndi moŵa, ndi kukhala pansi. Wopalamula mmodzi satilamula kusintha kanthu. Choona chimatilamula kusintha mphika wa banja lonse. Ndipo nkwapafupinso kufuna mpulumutsi mmodzi, kaya adyo, kaya tsamba, kaya mkaka womwewo, kuti tileke kumwa mankhwala a ku chipatala. Amai athu adaulula kuti adaasiya mibulu yao kwa milungu iŵiri, poganiza kuti popeza asiya kuthira "mkaka" mu tiyi, nthenda yatha. Tikupemphani ndi mtima wonse: amene adapatsidwa mankhwala asaleke popanda mau a dokotala, ngakhale akumva bwino chotani. Chakudya chabwino chimathandiza mankhwala, sichiŵachotsa pa ntchito.

Tinenenso za mphika. M'mabanja ambiri wodwala BP amamphikira kambale kake kopanda mchere, iye nkumadya yekha pambali, akuyang'ana anzake akunyambita zala. Munthu wotere sapirira mwezi. Kodi sikungakhale bwino kuti banja lonse lichepetse mchere pamodzi, pang'onopang'ono, kufikira lilime litazoloŵera? Lilime limazoloŵera ndithu patapita milungu ingapo, ndipo tomato, anyezi ndi nsinjiro zimayamba kumveka kukoma kwake. Ana amene akula ndi ndiwo zotere mwaŵapatsa chuma chimene sadzachidziŵa mpaka atakalamba. Chakudya chimene chili mankhwala kwa agogo ndi katemera kwa mdzukulu.

Lero amai amatsakako lita imodzi asanatseke chigubu. Poyamba ankadandaula kuti akumwa ndalama, koma tidaŵauza kuti ng'ombe imene idaphunzitsa mwana iyenera tsopano kusamala mwini wake. Theka amaŵiritsa, nkuwengula mafuta a pamwamba, nkumwa ndi adzukulu, theka amasasitsa. Timapaketi tija adasiya, kabotolo ka mchere kadachoka pa mphasa yodyera, ndipo mibulu amamwa m'maŵa uliwonse asanapite kukhola. Ulendo wathawu manambala ao adaali 142 ndi 86. Ntchito yaikulu adagwira ndi mankhwala, ndipo mphika udathandizapo. Ifenso tidayamba kusiya galimoto popita ku nthambi zapafupi.

Mbale uja wa bambo athu akali moyo, ngwokalamba tsopano ndipo maso akuchita chidima. Tsiku lina amai, osatiuza, adatuma mdzukulu kukamsiyira botolo la chambiko, ndi uthenga wakuti Lachitatu likudzali adzamperekeza ku chipatala kuti nayenso akamange lamba uja pamkono, pakuti iye ndi malemu ndi magazi amodzi. Mkuluyo adalandira botololo ndi manja aŵiri, osanena kanthu. Lachitatu m'maŵa adapezeka atakhala pakhonde la amai, atavala jekete lake la ku tchalitchi, akudikira.

Nanga inu, abale athu, mudayezetsa liti? Kuyezako sikuŵaŵa, ndipo sikutha ngakhale mphindi zisanu. Mwezi uno usanathe pitani, ndipo musapite nokha: tengani amuna anu, akazi anu, makolo anu, ngakhale uja mudaleka kumpatsa moni.